Kodi buku la atsikana lakulakwirani chiyani?

Mwezi wathawu mlongo wanga anandiimbira foni m'mamawa, mawu akunjenjemera. "Achimwene, mwana wanu uja wapalamula kusukulu. Ahedi akufuna kholo. Pitani ndinu, ine miyendo yazizira." Inu amene muli ndi mbumba mukudziwa zimene zimabwera m'mutu mwa malume akamva mawu oterewa. Ndili m'minibasi ndinali nditaweruza kale mlandu: mimba basi. Ngati si mimba ndiye chamba, kapena wagwidwa akudumpha mpanda usiku.

Nditalowa muofesi ndinapeza umboni uli patebulo. Linali buku lachingerezi, chikuto chake chitapindikapindika chifukwa chodutsa m'manja ambiri. Mutu wake To All the Boys I've Loved Before, wolemba wake Jenny Han. Mtsikana wa Fomu 3 anagwidwa akuliwerenga nthawi yowerenga madzulo atalibisa m'kati mwa buku la Bayoloje. Kubisako n'kulakwa, sindikutsutsa, ndipo chilango chotchetcha udzu chimene analandira chinamuyenera. Chimene chinandiimitsa mutu ndi mawu a ahedi. "Bambo, mabuku awa ndi amene akutionongera ana. Ndi zachibwana, zachiwerewere, mulibe phunziro lililonse." Ndinafunsa mwaulemu ngati iwo analiwerenga. Anati mutu wake wokhawo ukukwanira.

Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndinapempha bukulo, ndinapita nalo kwathu, ndipo ine munthu wa imvi ndinaliwerenga lonse masiku atatu, akazi anga akundiseka. Ndiye lero ndabwera kudzakangana. Ahedi aja asaone ngati ndawatola okha ayi. Chitulukireni bukuli ku America mu 2014, owerenga ake akhala akulikokera uku ndi uku, ndipo ambiri mwa iwo, olida ndi olikonda omwe, ndili nawo mawu.

Tiyambe tanena zimene zili m'bukumo, poti olinyoza ambiri sanalitsegule n'komwe. Lara Jean Song Covey ndi mtsikana wa zaka 16 wa ku Virginia. Bambo ake ndi mzungu, dokotala wa azimayi. Mayi ake anali ochokera ku banja la chiKorea, ndipo anamwalira iye ali wamng'ono. Pakhomo panatsala ana aakazi atatu: Margot wamkulu, Lara Jean wapakati, ndi Kitty chitsirizira wa zaka 9. Mtsikana wapakatiyu ali ndi kachizolowezi kake. Akakonda mnyamata mpaka mtima kuwawa, samuuza. Amakhala pansi n'kulemba kalata yotsanzikana naye, kuimata mu envulopu, kulembapo keyala, kenaka n'kuiponya m'kabokosi kosungira chipewa kamene anamupatsa mayi ake. Makalata otere anakwana asanu. Tsiku lina onse asanu anapita ku positi mwini wake osadziwa. Imodzi inakafika kwa Josh, mnyamata wa khomo loyandikana nalo, yemwe anali chibwenzi cha Margot mpaka pamene Margotyo ankanyamuka kupita ku yunivesite ku Scotland. Pothawa manyazi amenewa, Lara Jean anagwirizana ndi mnyamata wina wolandira kalata, Peter Kavinsky, kuti azinamizira chibwenzi pamaso pa anthu. Anachita kulemberana pangano ngati anthu ogulitsana munda. Zimene zinatsatira, aliyense amene anakhalapo ndi zaka 16 angathe kuzilota.

Tsono ndiyambe ndi inu oteteza makhalidwe, gulu la ahedi anga aja. Mantha anu ndikuwamva. Ine ndemwe ndinali nawo m'minibasi muja. Atsikana akusiya sukulu chifukwa cha mimba, imeneyo si nthano. Sindikunamizaninso kuti ana a m'bukuli amalankhula ngati a kwaya. Mawu otukwana alimo apo ndi apo, ndipo za kugonana zimatchulidwa. Koma taonani mmene zimatchulidwira. Ana a sukulu atapita pa ulendo wokasewera m'chipale chofewa kumapiri, Lara Jean ndi Peter anapsompsonana m'dziwe la madzi otentha. Zinathera pomwepo. Kutacha, mbiri inali itawanda kale kuti awiriwa anagonana. Mnyamata anzake anayamba kumuomba paphewa ngati wagoletsa chigoli. Mtsikana anasanduka choloza chala, ndipo mphekeserayo inakafika mpaka kwa bambo ake. Kodi pali sekondale m'dziko muno imene nkhani ngati imeneyi sinachitikepo? Kodi alipo mtsikana wa Fomu 3 amene sakudziwa kuti bodza limodzi la kuhositelo limamukweza mnyamata n'kumugwetsa iye? Mwana akawerenga zimenezi amazindikira kuti chimene chimamuwawa chija chili ndi dzina, ndipo kuti wolakwa ndi wofalitsa bodzayo. Inu mwati mulibe phunziro. Nanga ili n'chiyani?

Komanso tisanamizane. Kwa zaka zambiri ana athu ankalemba mayeso a MSCE pa sewero la Romeo and Juliet. Juliet uja sanakwanitse ndi zaka 14 zomwe. Anaonana ndi mnyamata usiku umodzi paphwando, mawa lake n'kukwatiwa mobisa makolo osadziwa, kenaka kumwa mankhwala onamizira imfa, pomaliza n'kudzibaya ndi mpeni kumanda. Zonsezi m'masiku osakwana sabata. Limenelo tinkalikuta bwinobwino, tinkalipereka kwa mwana ndi manja awiri, tinkamukalipira akalephera kuliloweza. Koma mtsikana wa zaka 16 amene amakhala pakhomo kuphika makeke ndi kusamala mng'ono wake, ameneyo ndiye woononga ana. Eti zoona? Ine Shakespeare ndilibe naye mlandu. Ndikungofunsa muyeso umene tikugwiritsa ntchito. Zikuoneka ngati chikondi cha achinyamata timachilola m'kalasi pokhapokha ngati pamapeto pake pali maliro.

Gulu lachiwiri ndi la anzanga a magalasi pamphuno, odya mabuku, amene ena mwa iwo amalemba pa tsamba lomwe lino. Awa chiwerewere sichiwakhudza. Dandaulo lawo ndi lakuti bukuli n'lopepuka ngati thonje, kuti ukawerenga masamba makumi awiri wadziwa kale mathero ake. Ngakhale ku America komweko kunali owerenga achikulire amene anadandaula kuti Lara Jean ndi wachibwana kwambiri: amaopa kuyendetsa galimoto, amaitana bambo ake ngati kamwana ka mkaka, amakonda kumata tizithunzi m'mabuku m'malo mopita kumaphwando. Ati mtsikana wa zaka 16 sangakhale wotero.

Choyamba, munthu wa zaka makumi atatu akagula nsapato ya mwana n'kuyamba kudandaula kuti ikuthina, vuto silili pa nsapato. Chachiwiri, anzanga inu mumatiphunzitsa kuti tiziwerenga pansi pa mawu, nanga pano mwalekeranji? Mtsikanayu mayi ake anamwalira mwadzidzidzi ali pakhomo. Tsopano mkulu wake, amene analowa m'malo mwa mayiwo, wakwera ndege wapita kutsidya kwa nyanja. Munthu amene waphunzira ali mwana kuti amene umamukonda angathe kuchoka tsiku lililonse, chikondi chake amachiika kuti? Amachitsekera m'kabokosi. Mnyamata wa m'kalata yosatumizidwa sangakukane, sangakusiye, sangafe. Chibwana chimene mukuchinyozacho ndi maliro amene sanathe. Jenny Han sanachite kuimika nkhani kuti atilalikire zimenezi. Anangotionetsa bambo wamasiye akuyesetsa kuphika ndiwo za chiKorea kuti ana asaiwale chakudya cha kwa mayi awo, mchere n'kuchuluka, ana n'kumadya choncho osafuna kumukhumudwitsa. Ine pamenepo ndinaseka, kenaka ndinavula magalasi. Aliyense amene analeredwa ndi kholo limodzi akudziwa kukoma kwa ndiwo zowawa mchere zimenezo.

Za kudziwiratu mathero, musandiseketse. Agogo akati "Padangotero", ndani mwa ife ankakayika kuti Kalulu apambana ndipo Fisi achita manyazi? Koma tinkayankha "Tili tonse" usiku ndi usiku, maso ali gwa, chifukwa chokoma chinali njira yake. Nkhani yachikondi yoseketsa ili ndi malamulo ake ngati mpira. Zigoli zimadziwika pamene zili, komabe anthu amadzaza bwalo. Ndipotu bukuli silinathe mmene ambiri ankayembekezera. Limatha usiku wolowa chaka chatsopano, awiriwa asanagwirizanenso, mtsikana atangotenga cholembera kuti alembe kalata imene ulendo uno akufuna ikafike. Owerenga ena anakwiya nazo, ati tasiyidwa m'malere. Anadikira mpaka 2015 pamene linatuluka lachiwiri, P.S. I Still Love You, ndipo lachitatu, Always and Forever, Lara Jean, linabwera mu 2017. Ndiye ena akuti mathero ngodziwikiratu, ena akuti mathero palibe. Tagwirizanani kaye, abale.

Kunyoza zowerenga za atsikana ndi matenda akale. Pamene Jane Austen ankatulutsa Pride and Prejudice mu 1813, anthu ophunzira a ku England ankaona mabuku a nthano zachikondi ngati zotayitsa nthawi azimayi, ndipo bukulo linatuluka popanda dzina lake pachikuto. Nkhani yake ndi yotani? Atsikana asanu, mayi wofuna kuwakwatitsa, mnyamata wodzikuza, kalata imodzi yotembenuza zinthu, ukwati pamapeto. Mu 2017 nkhope ya mayi yemweyo inaikidwa pa ndalama ya mapaundi 10. Sindikunena kuti Jenny Han ndi Jane Austen, musandiike mawu m'kamwa. Ndikunena kuti anthu a magalasi analakwitsapo kale pa nkhani ngati yomweyi, ndiye azilankhula motsitsa mawu pang'ono. Kuliza munthu n'kosavuta: upha mayi, upha mwana, wamaliza. Kuseketsa munthu masamba mazana atatu popanda kumunyoza nzeru, yesani muone thukuta lake.

Musaganize kuti okonda bukuli ndiwasiya. Mu Ogasiti 2018 kampani ya Netflix inatulutsa filimu yake, Lana Condor akusewera ngati Lara Jean, Noah Centineo ngati Peter. Filimuyo inatchuka kwambiri, ndipo kuchokera pamenepo mkangano unasanduka umodzi wokha: Peter kapena Josh? Litabwera gawo lachiwiri, Peter kapena John Ambrose? Anthu anagawana mbali ngati masapota a Bullets ndi Wanderers. Inu atsikana, ndi inu azimayi amene mumawerenga mobisa ana akagona, bukuli mwalichepetsa nokha, ndipo mwapereka chibonga kwa olinyoza. Bwererani mukaone pamene pali bala lenileni. Peter akakwiya, Lara Jean amadandaula. Koma Margot atabwera ku tchuthi cha Khirisimasi n'kumva kuti mng'ono wake anapsompsonana ndi Josh, nyumba yonse inazizira. Ana a mimba imodzi osalankhulana pakhomo pamene palibe mayi wowayanjanitsa, chimenecho ndiye chimake cha nkhani. Ndipo wotumiza makalata uja anali ndani? Kitty, kamng'ono kake komwe, katapsa mtima chifukwa chosekedwa. Kenaka kamwana komweko ndi kamene kankatola m'bini timapepala tonse timene Peter ankalembera Lara Jean, n'kutisunga m'kabokosi kaja. Woononga ndi wokonza ali m'nyumba momwemo. Amene ali ndi mkulu wake kapena mng'ono wake sakufunika kumumasulira zimenezi.

Alipo odzudzula amene ndimawavulira chipewa, chifukwa iwo anawerenga ndi kuonera asanatsegule pakamwa. Ena mwa anthu a ku America ochokera ku maiko a ku Asia anafunsa kuti, bwanji mwa anyamata asanu a mufilimu muja mulibe ndi mmodzi yemwe wa mtundu wa mayi ake a mtsikanayo? Funso limenelo n'lolemera, ndipo likuyenera yankho. Enanso amati dziko la m'bukuli ndi la anthu okhuta: ana a sukulu oyendetsa magalimoto, firiji yosatha chakudya, palibe wobwezedwa kunyumba chifukwa cha fizi. N'zoonadi. Koma onaninso mbali inayi. Jenny Han, amene anabadwira ku Richmond ku Virginia mu 1980 kwa makolo a chiKorea, analemba m'nyuzipepala ya New York Times mu 2018 kuti makampani amene ankafuna kupanga filimu ya bukuli chidwi chawo chinkazirala akamva kuti mtsikanayo ayenera kukhala wa chiAsia, ndipo kuti imodzi yokha ndi imene inavomera osafuna kumusandutsa mzungu. Tangoganizani. Kabuku kamene mukuti n'kopanda kanthu, anthu a ndalama anakaona kuti n'koopsa mpaka kufuna kukasintha khungu. Iwo anadziwa chimene anzanga a magalasi sakuchidziwa: kuti mwana amafuna kuona nkhope yonga yake ikukondedwa ndi kuseka, osati kumangovutika.

Tsono tibwere kwathu kuno, poti ahedi aja ndi ine ndife a msinkhu umodzi ndipo tikudziwana. Inu ahedi, muli Fomu 2 munkabisa chiyani m'kati mwa atilasi? Si Pacesetters kodi, timabuku tija a Macmillan anayamba kutulutsa mu 1977? Evbu My Love ya Helen Ovbiagele simunaiwerenge ndi tochi m'bulangete? Atsikana a nthawi yathu sankapatsirana Mills & Boon atakuta ndi nyuzipepala? Ife anyamata James Hadley Chase sanatigoneke mochedwa? Aphunzitsi athu ankatilanda, ankati n'zinyalala. Koma tinene zoona pamaso pa Mulungu: Chingerezi chimene tikudyera lerochi tinachitola kuti? Ndipo makalata achikondi amene tinkalemba dikishonale ili pambali, kusaka mawu aatali oti mtsikana wa sukulu ina akomoke nawo, kupopera kapafyumu papepala, kudikira Lachisanu kuti mayina aitanidwe pa asembule, si maphunziro a kalembedwe amenewo? Ambiri amene lero ndi maloya, atolankhani ndi ahedi anaphunzira kumanga chiganizo pofuna kufunsira. Takula, tavala mataye, ndiye tayamba kunamizira kuti tinabadwa tikuwerenga Chinua Achebe.

M'dziko muno tinakhalapo ndi anthu otisankhira zowerenga. Bungwe loona za mabuku ndi mafilimu lija, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, linaletsa mabuku ambirimbiri m'nthawi ya chipani chimodzi. Pa riferendamu ya 1993 tinati tatopa nazo zoganiziridwa. Koma ndikuona ngati aliyense wa ife anatenga kachidutswa ka bungwe lija n'kukasunga m'mutu mwake, ndipo kamadzuka msanga wowerengayo akakhala mtsikana ndiponso akamamwetulira. Ndife tomwe timadandaula pa misonkhano kuti ana a masiku ano sawerenga, angoti maso pa foni. Mwana wapezeka ndi buku la masamba oposa mazana atatu, m'chinenero chimene adzalembere mayeso, akuliwerenga mwa kufuna kwake mpaka kuika khosi pa mpeni, ife n'kumuitanira kholo. Mmera mpoyamba. Chizolowezi chowerenga chimamera pa buku limene mwana walikonda yekha, ndipo ukachizula pamenepo usadzadabwe chikakana kumera pa buku limene wamusankhira iwe.

Mawu anga otsiriza apite kwa alembi anzanga a Chichewa, chifukwa mlandu waukulu uli ndi ife. Tawerengani nkhani zazifupi zimene timatumiza ku nyuzipepala. Mtsikana akangomwetulira mnyamata m'ndime yoyamba, dziwani kuti m'ndime yachisanu ali ndi pakati, yachisanu ndi chiwiri wachotsedwa sukulu, yomaliza tikuimba nyimbo ya maliro, n'kutsekera ndi mwambi. Takhala tikuopseza ana ndi cholembera zaka zonsezi, kenaka tikudabwa kuti akuthawira kwa mtsikana wa ku Virginia amene chipale chake chofewa sanachionepo. Kodi ku Ndirande kulibe mtsikana amene analakwitsa nambala potumiza uthenga wachikondi n'kukafika kwa mlamu wake? Ku Kawale kulibe mnyamata amene anabwereka jekete yokafunsirira n'kukumana ndi mwini jeketeyo kunyumba kwa mtsikanayo? Ana athu amaseka, amachita manyazi, amakonda, ndipo ambiri mwa iwo safa nazo. Amakula n'kukhala anthu. Ndani adzawalembere zimenezo m'chinenero chawo? Tikapanda ife, Jenny Han apitiriza kutilerera ana, ndipo tisamuda, akugwira ntchito imene taithawa.

Buku lija ndinakabweza kwa mwini wake atabwera ku holide. Anandiyang'ana mwamanyazi n'kufunsa, "Amalume, ndiye mwaliwerengadi? Inuyo mukanasankha ndani?" Ndinamuuza kuti ndikanasankha kumaliza Bayoloje kaye, ndipo akadzagwidwanso nthawi yowerenga madzulo udzu wake ndidzakamuonjezera ndine. Anaseka. Kenaka anatsegula chikuto chakumapeto kundionetsa chinthu chimene ine sindinachione. Panali mndandanda wa mayina olembedwa ndi pensulo, atsikana a m'hositelo mwake odikira nthawi yawo, ena atakhwatchidwa kale, ena akadali pamzere. Ahedi, mulaibulale yanu ija muli mabuku angati amene ali ndi mzere wotere kuchikuto? Mukalipeza limodzi, ndiitaneninso, ndidzabwera ndi minibasi yoyamba. Mukapanda kulipeza, lembetsani dzina lanu pansi pa atsikanawo, mudikire nthawi yanu ngati anzanu, muliwerenge, ndiye tidzakambirane.